Nsagwada ya Pamwamba pa Kabati

Tsiku limenelo mphepo inkachokera kumapiri a Mafinga, yozizira ndi yafumbi, monga imachitira chimanga chikalowa m'nkhokwe. Chigayo cha kumsika chinkalira mosalekeza, ndipo mabelu a njinga ankamveka panjira ya kuseri kwa nyumba. Amayi a mpingo anabwera kudzapemphera kwathu, pakuti inali nthawi ya mkazi wanga kuwalandira. Ine ndinawalonjera, n'kukakhala pakhonde kusema mpini.

Mkazi wanga anali wa ku Ntcheu. Anabwera kuno ku Kaseye kudzaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndipo sanabwererenso. Chaka chimenecho anaperekeza ana a sukulu ku Karonga kukaona mafupa akale osanduka mwala, ndipo anabwerako ndi nsagwada youmbidwa ndi pulasitala mofanizira ina yeniyeni imene inafukulidwa kumeneko, yamano akuluakulu, yophunzitsira m'kalasi. Poopa kuti ana angaiswe, ankaisunga pamwamba pa kabati.

Ndinamva nyimbo ikuduka pakati. Mmodzi wa amayiwo anali ataiona. Kwathu kuno fupa la munthu limakhala kumanda, ndipo wolisunga m'nyumba aliyense amadziwa dzina lomutchula. Mkazi wanga anaitsitsa, n'kuikanda ndi chikhadabo kuti aone ufa woyera. Amayiwo anathokoza kuti yewo, tiyi anamwa mothamanga, n'kumapita.

Nkhani inafika kwa akulu a mpingo, ndipo anaitanitsa mkazi wanga. Zoti ndi pulasitala anavomera msanga. Koma mkulu wina, mnzanga amene tinkaweta naye ng'ombe tili ana, anafunsa:

"Alamu, tingomva chimodzi. Mwini wa nsagwada yeniyeniyo anali munthu kapena nyani?"

Mkazi wanga anafotokoza mofatsa. Anati akatswiri ena amati cholengedwacho ndi kholo limene lakhala likusakidwa, loima pakati pa zinyama zonga anyani ndi ife anthu. Ena amakana, amati chinali ngati azakhali amene mbumba yawo inathera panjira osasiya zidzukulu. Anati nsagwada yokha singathetse mkanganowo, pafunika mafupa ena amene akali m'nthaka. Zoti Mulungu ndiye analenga sankakayika, koma mmene anagwirira ntchitoyo tikuphunzirabe.

Mnzanga uja anaseka. "Ngati ndi azakhali anu, muwauze atisiyireko chimanga kumunda chaka chino." Ena anasekanso, kenaka anabwerera ku funso lomwe lija: munthu kapena nyani?

"Adada, sindikudziwa," anayankha mkazi wanga. "Ndikanena kuti ndikudziwa, ndinama m'nyumba ya Mulungu."

Akuluwo anagamula kuti ayambe wavula yunifolomu ya amayi, bulauzi yoyera ndi duku lake, mpaka atapereka yankho lolunjika. Anaichapa, kuisita, n'kuiika m'sutikesi. Kutchalitchi sanasiye. Ankakhala kumbuyo atavala chitenje, ndipo mawu ake ndinkawamva m'nyimbo ngati kale. Chinkamupweteka n'chakuti amayi akamapita kukayimbira odwala, ankadutsa pakhomo pathu osamuitana.

Ine ndinaitenga nsagwadayo kangapo n'kuiyang'anitsitsa padzuwa. Anyani ndikuwadziwa, ndawathamangitsa m'minda moyo wanga wonse, ndipo mano awo sali choncho. Komanso sanali ngati anga. Ndinaona kuti nanenso atandifunsa, ndikanayankha monga iye.

Tonse tinkayesa kuti nkhaniyo itha yokha. Msonkhano wa akulu unkalephereka, lero maliro, mawa kudzala, kenaka mvula yadula njira. Matenda ndiwo sanadikire. Anayamba chimanga chikumasula, ndipo tisanadye chimanga chachiwisi mkazi wanga anatisiya.

Mwambo wa amayi athu ndi wakuti mnzawo akamwalira amamuveka yunifolomu, iwonso amavala zoyera n'kundanda mbali zonse ziwiri za njira ya kumanda, bokosi n'kumadutsa pakati. Mkazi wanga anaimirira m'mizere imeneyo zaka zambiri, padzuwa ndi pamvula. Ndinatulutsa yunifolomu ija n'kukaipereka kwa mtsogoleri wa amayi. Anayang'ana pansi, nati nkhani ikali m'manja mwa akulu. Ndinaibwezera m'sutikesi.

Amayiwo anabwera onse, m'zitenje. Anatunga madzi, anaphika, anayimba bwino kwambiri. Koma njira inalibe choyera ngakhale chimodzi. Achemwali ake a malemu, amene anayenda ulendo wautali kuchokera ku Ntcheu, anandifunsa chapansipansi kuti kodi m'bale wawo analakwanji.

Titakolola, mtsogoleri uja anabwera ndi mnzanga wa ng'ombe. Mipando anaikana, anakhala pansi. Mayiyo anati tsiku la maliro ambiri anali ndi zoyera zawo m'zikwama, aliyense kudikira kuti wina ayambe kuvala, ndipo palibe anayamba. Mnzangayo anati akulu anakumana, ndipo dzina la malemu labwezeredwa pakati pa amayi. Funso lija, anati, ngakhale iwo analephera kuliyankha.

"Pepani, adada," anatero mayiyo. "Tinachedwa."

Ndinkaganiza za njira ya kumanda ija, ndi kuti munthu amadutsapo kamodzi kokha. Koma amene anakhala pansi patsogolo pangawo ndi omwe anakumba manda ake ndi kusambitsa thupi lake, ndipo mayiyo misozi inali itanyowetsa chitenje.

Ndinawakhululukira.