Wogulitsa Masau Anaitanidwa ndi Mayunivesite Awiri

Mayunivesite awiri akunja anaitana mwana wamasiye wa ku Kavalamanja, ina ya ku Mangalande, ina ya ku India. Inu owerenga, mukuganiza kuti anapita kuti?

Tasila analephera mayeso a Giredi 12 chaka chomwe bambo ake anamira mu Zambezi. Amayi ake anali atamwalira kale. Anamutenga ndi amayi ake aang'ono, a Adelina, ndipo awiriwo ankakhala padzuwa pa boma la Feira kugulitsa masau. Anzake akale akamadutsa ankafuula kuti, "Wamasau, sukulu inathera pamenepa?"

Iye ankawerenga ali pomwepo, buku pamwendo, lichero patsogolo. Analembanso mayeso n'kukhoza, anaphunzira ku yunivesite ku Lusaka, ndipo anabwerera kwawo ali mlangizi wa zaulimi.

Chilala cha 1992 chinaumitsa chimanga, koma mitengo ya masau inabereka ngati kale. Tasila anaona mabanja a ku Mburuma akupulumukira zipatsozo. Mphunzitsi wina wochokera ku India anamuuza kuti kwawo mtengo womwewo amaumezanitsa, ndipo umabala zipatso zazikulu ngati mazira a nkhuku.

Mwayi wa digiri yachiwiri utabwera, mtima wake unagawanika. Yunivesite ya ku Mangalande inali ya dzina lomveka, koma inkafuna kuti akafufuze za tirigu, mbewu imene siichita bwino m'chigwa chotenthachi. Ya ku India panalibe woidziwa, koma inali ndi minda ya masau.

Atanena kuti akuganiza zopita ku India, anzake a kuntchito anamuseka. "Iwe, kukwera ndeke chifukwa cha masau? Amenewo ndi a kachasu basi!"

Koma amene ankawaopa kwenikweni ndi a Adelina, amene anali atalengeza kale kutchalitchi kuti mwana wawo akupita ku Mangalande. Angawachititse bwanji manyazi mayi amene anapsa ndi dzuwa chifukwa cha iye? Tasila anayamba kuwonda. Tsiku lina anagwada pambali pawo n'kufotokoza zonse.

A Adelina anapitiriza kupeta mapira awo. Kenako anafunsa kuti, "Tirigu wakoyo adzalime ndani kuno?"

"Palibe, amayi."

"Nanga ukuwonderanji? Zakutchalitchizo undisiyire. Pakamwapa ndi panga. Ndinalankhula ndine, ndikakonzanso ndine."

Tasila anaseka uku misozi ikutsika. Tsiku limenelo anadya n'kukhuta.

Inu amene mwagwa lero, musataye mtima, dzukani muyesenso. Ndipo khomo likadzakutsegukirani, musadzafunse kuti dzina lalikulu ndi liti. Mudzafunse kuti kwanu kukusowa chiyani.

Mu 1995, Tasila anakwera ndeke yopita ku India.