Zaka Zisanu ndi Miyezi Iwiri

Aliyense amene anavotapo pachilumba chathu chino m'zaka makumi atatu zija anadutsa m'manja mwa a Majvor. Ndiwo ankakhala patebulo m'kalasi ya pasukulu, kaundula wa mayina patsogolo, chidindo kumanja. Amuna awo anamira akukoka maukonde iwo akadali mtsikana. Anatsala ndi mwana mmodzi, Solveig, tinkhosa towerengeka, ndi pakamwa posatseka.

Lamulo lathu kuno ku Åland ndi lodziwika: ukakhala kunja kwa zilumbazi kupitirira zaka zisanu, ufulu wa mwana wa kuno umakuthera, aphungu a nyumba yathu ya malamulo suwavoteranso. A Majvor ankalilemekeza lamuloli kuposa abusa. Chaka china anabweza mlamu wawo Elof, amene anakhalitsa ku Stockholm.

"Kavotereni komwe mwanenepera, alamu," anatero mzere wonse ukumva.

Ine Ingalill, amene ndinkawathandiza patebulopo, ndinaseka nawo. Mulungu andikhululukire.

Kenako Solveig anadwala ku Uppsala, kunja kwa zilumbazi, kumene anakwatiwa. Mayi ake anagulitsa nkhosa, nakhoma chitseko, nandipatsira chidindo padoko.

"Undisungire, iwe. Ndibwera nyanja isanaundane."

Matenda a Solveig anali aja odya munthu pang'onopang'ono. Nyanja inaundana kasanu. A Majvor anatsika sitima mu Seputembala ndi sutikesi imodzi, ataika mwana wawo m'manda a eni.

Kaundula ndinamuona kutatsala sabata kuti tivote. Ndinafika kawiri pageti pawo, kawiri konse n'kubwerera. Ndine wamantha, palibe dzina lina.

Tsiku lachisankho kunali chimphepo. Titangotsegula, oyamba kulowa anali a Majvor, atavala chijasi chakuda, pensulo yawoyawo m'manja monga kale. Pambuyo pawo panaima Elof, amene anabwerera kalekale n'kubwezeredwa ufulu wake.

"Iwe Ingalill, chidindocho wachigwira ngati ukupala nsomba. Tandipatsa pepala."

"Amayi, dzina lanu mulibe."

"Yang'anitsitsa. Magalasi akowo ndi ogula m'sitima."

"Mwakhala kunja zaka zisanu ndi miyezi iwiri, amayi. Mukalemba kalata kuboma ku Mariehamn adzakubwezerani ufulu wanu. Koma lero sizitheka."

Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo anayamba kuwerenga zala, milomo ikugwedera, kuyambira Julaye uja anachoka. Elof, munthu amene anasunga chakukhosi zaka zonsezi, anavula chipewa n'kuyang'ana pansi.

"Miyezi iwiri," anatero a Majvor. "Ndiye kuti Solveig akanafulumirako kufa, bwenzi pano ndikuvota."

Ine mtima unandiwawa, ndinalakalaka kuponya chidindocho panja pawindo. Koma dzanja langa linali likadali pakaundula, kuphimba malo pamene dzina lawo linkakhala.

"Usalire pantchito, iwe. Wachita momwe ndinakuphunzitsira." Anaika pensulo patebulo, natembenukira kwa mlamu wawo. "Pitani patsogolo, alamu, ndinu a kuno."

Kalata ija sanalembe. Ndinawapititsira fomu ndekha, anaiyatsira mbaula ine ndikuona. Amati kupempha kuti akhale wa pachilumba chomwe anabadwira sangathe. Zisankho ziwiri zadutsa chichitikireni izi. Tsiku lovota amatseka makatani, ndipo pensulo yawo ikadali m'dirowa ya kusukulu.