Dzanja limene ndinakweza nditatsinzina

M'zaka zija chimanga chinapserera m'minda, ife amayi a patchalitchi chathu, kufupi ndi Mtenguleni, tinali ndi kasankhidwe kathu ka mtsogoleri. Aliyense ankawerama n'kutsinzina, dzina la amene akumufuna likatchulidwa n'kukweza dzanja. Wopenya ankakhala mmodzi yekha, wowerenga manja. Tinkatero poopa udani, poti kwathuko ukaponya mwala umagenda m'bale wako.

Chaka chimenecho opikisana anali awiri: apongozi anga, amake mwamuna wanga, ndi mayi wina wofatsa amene ankaphunzitsa ana katekisimu. Apongozi anali ndi pakamwa. Akayamba kukalipa, ngakhale nkhuku zinkachoka pabwalo. Koma ndi omwewonso anandipatsa dimba kudambo, momwe ndinkalima tomato wokagulitsa kumsika wa Kapata, ndipo chaka cha njalacho ana anga ankadyera dimba lomwelo.

Wowerenga manja anali mnzanga wapamtima, amene anaimirira mwana wanga woyamba pa ubatizo. Tisanayambe anagwira korona wake n'kunena kuti, "Amayi, musaope. Pakamwa pangapa sipadzatuluka dzina la munthu."

Ine kupusa, ndinakhulupirira. Atatchula mayi wa katekisimu uja ndinakweza dzanja, koma mwamantha, chigongono chili pabondo, zala zokha zikusuzumira pamwamba pa duku. Apongozi anagwa pa chisankhocho.

Masiku anapita osamva kanthu, mpaka mtima unakhala pansi. Tsiku lina m'mawa ndikuthirira, apongozi anatulukira kudimba. Anakhala pachitsa, n'kuwerama, n'kutsinzina, chigongono pabondo, zala pamwamba pa duku. Chitini chothirira chinandipulumuka m'manja.

"Amake mwana," anatero, "dzanja lanuli likuoneka kuti silikwezeka bwino. Dimba limafuna manja amphamvu. Kapumeni."

"Amayi, tomatoyu watsala pang'ono kupsa."

"Apsa ndithu. Kapumeni."

Mwamuna wanga nditamuuza anangokanda m'mutu, n'kuti dambo ndi la amayi ake. Ndinapita kwa mnzanga uja mtima ukuwira. Ndinamupeza akusenda nsawa pakhonde, ndipo sanagwetse n'komwe nkhope.

"Iwe, unagwira korona pamaso pathu tonse!"

"Nanga ndinatchula dzina lako ine? Apongozi ako anandifunsa, ine pakamwa ndinatseka. Ndinangowaonetsa m'mene dzanja lina linakwerera. Ngati anakuzindikira, ndi maso awo."

Zimandiwawa mpaka lero. Apongozi sindiwadandaula kwenikweni, ukali wawo sankabisa. Koma uyu ndinamuchezera kuchipatala akudwala, ndinamubwereka chitenje changa chatsopano pa ukwati wa mng'ono wake, ndipo ndinatsinzina pamaso pake chifukwa anali iye.

Mwezi wotsatira ndinapita ku Kapata ndi dengu lopanda kanthu, kukafuna ganyu yochapa. Tomato wanga ndinamudziwira patali, wamkuluwamkulu, ataunjikidwa pamwamba pa saka. Wogulitsa anali mnzanga uja.

Atandiona anamwetulira. "Bwera ugule kuno, mnzanga. Iwe ndikuikira mbasela yaulere pamwamba."