Njinga Zogona Pamsewu wa ku Mathithi

Mwana wanga wamkazi atasankhidwa ku yunivesite kuti akachite kafukufuku pamodzi ndi ophunzira a ku Botswana ndi ku Zimbabwe, ndinakwiya. Ntchito yawo inali yoveka njovu malamba a m'khosi osonyeza pakompyuta komwe zili. Ife a ku Livingstone njovu timazithawa, koma wangayo n'kumakazisaka dala!

Bambo ake amapalasa njinga, kututa matumba a ufa kupita nawo kumalire a Zimbabwe kudzera msewu wa ku mathithi, womwe umadutsa m'tchire. Katunduyo amalemera moti sungachotse dzanja pahandulo, choncho akakwera, foni sayankha.

M'mawa wina ndikuyala tomato ku Maramba Market, mwanayo anandiimbira ali ku Botswana.

"Ba mami, ba tate bali kuti?"

"Bayenda ku boda. Ni chani?"

"Munzanga wa ku Zimbabwe aona njovu yathu imozi yawoloka Zambezi. Ili na chilonda cha msampha wa waya kumwendo, ni yokalipa maningi. Manje ili pafupi na museu wa ku mathithi."

Nthawi yomweyo ndinadula foni. Ndinaimbira bambo ake, foni n'kumangoitana. Mwanayo anali atanena kuti aphunzitsi ake adziwitsa kale oteteza nyama zakutchire a kuno, koma mawuwo sanandilowe m'mutu. Ndinasiya tomato pabenchi n'kukwera takisi.

Titapitirira nyumba zomaliza, ndinaona njinga zambiri zitagona m'mbali mwa msewu, matumba ali pansi. Pamsewu umenewo njinga yogona timaidziwa tonse: mwini wake wapondedwa ndi njovu. Yakwathu ndinaizindikira ndi mphira wofiira womangira katundu. Ndinatuluka takisi isanaime bwino, manja ali kunkhongo, ndikulira maliro.

"Iwe, ulilira ndani?"

Anali bambo ake, atakhala pansi pa mtengo ndi anzawo. Oteteza nyama aja anali atatseka msewu uthenga utangowafika, ndipo poti njinga yosenza matumba siima yokha, apanjingawo anangozigoneka. Anzawo anandiseka mpaka misozi. Ine manyazi analibe malo, ndinawakalipira bambowo pamaso pa anthu ngati kamwana.

Kuseka kunatha njovuyo itatulukira patsogolo pathu, lamba ali m'khosi, ikutsimphina, makutu itatambasula. Inaima pakati pa tala, pamtsetse pomwe njinga yolemera simvera mabuleki. Bambo ake anandigwira dzanja.

Madzulo ndinamuimbira mwanayo kumuuza kuti athokoze mnzake wakutsidya uja, yemwe sindinamuonepo ngakhale nkhope. Kenako ndinamufunsa ngati njovu zonse anaziveka malamba. Anayankha kuti ayi, zovekedwa n'zochepa chabe.

M'mawa mwake bambo ake anamanganso matumba panjinga, ine nditawagwirira handulo kuti isagwe.