Tsiku limene ananditumiza ukazitape

Kwathu, mwana wamkazi akayamba kudwala matenda osadziwika mutu wake, amene amatumidwa ndi azakhali. Mayi ake sangamufunse zakuya, bambo ake ndiye ayi ndithu. Azakhali amapita, amafunsa mwanzeru, kenako amadzatula zonse kwa makolo. Mwambo umenewu tinakwera nawo ndege mpaka ku Leicester, ku Mangalande, ndipo azakhali a mwana wa mchimwene wanga ndine.

Mtsikanayo anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anasiya kudya, kusukulu ankajomba, ukamufunsa ankangoti m'mimba mukupweteka. Mlamu wanga ankaganiza kuti ndi mimba. Mchimwene wanga anali ataneneratu kuti ikapezeka nkhani yochititsa manyazi, mwana akwera ndege kukaphunzira ku Dedza, pasipoti ikakhala m'manja mwa amalume ake. Sankaseka. Tsiku la ku kiliniki ya ana litafika, onse awiri anali pa shifiti, ndiye anati ndimuperekeze ine, ndikatchere khutu.

Ine zipatala za kuno sindizikhulupirira. Munthu akamandimwetulira kwambiri ndimayamba kufufuza chimene akufuna, ndipo za a sosholo otenga ana a anthu tinazimva zambiri. Nesi amene anatilandira anali mzimayi waimvi, khadi lake la ntchito lili pa chingwe cha mitundu ya utawaleza, chizindikiro cha amuna okondana okhaokha ndi akazi okondana okhaokha. Chingwecho ndinachiona, ndipo mtima wanga unati nazo zija. Anamuyeza pa sikelo, anafunsa za kugona ndi kudya, kenako anandipempha kuti ndituluke kaye. Anati amatero ndi wachinyamata aliyense. Ndinamuuza kuti kwathu mwana sanong'onezana ndi mlendo achibale ali panja. Anavomera mwaulemu, koma chitseko ananditsegulirabe.

Ndinakhala pa kampando ka ana, maondo ali m'khosi, ndikuyang'ana nsomba zojambulidwa pakhoma. Ndinakwiya kwambiri. Posakhalitsa panadutsa mayi wina wa kumpingo kwathu amene amakolopa m'chipatalamo, akukankha ngolo yake. Mayi ameneyu nkhani akaimva m'mawa, masana imakhala ili pa gulu la amayi pafoni.

"Asisi, mwamalizitsa shifiti n'kubwera kuno? Wadwala ndani?"

"Kamphumu ka mwana wa achimwene. Tangobwera kudzapimitsa."

Anayang'ana chitseko, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti atipempherera. Ndinamulondola ndi maso mpaka anakhota.

Nesi atandiitananso, ndinapeza mwana maso ali gwa pansi, akupotokola mkono wa juzi. Nesi anati mtsikanayo ali ndi mawu oti andiuze, ndipo wapempha kuti iye akhalepo. Mwanayo anayankhula m'Chingerezi, monga amachitira ana obadwira kuno. Anati si mimba. Anati amakonda mtsikana mnzake, ndipo wakhala akudziwa zimenezi kuyambira kale. Anati Lamlungu lililonse amamva zimene timanena patebulo za anthu otere, ndipo masiku ena amalakalaka atagona osadzukanso.

Za chikondi chakecho sindinadziwe poyambira, ndipo mpaka lero pali zimene sindinazimvetse. Koma za kufa ndinazimva bwino lomwe, ndipo ndinachita mantha.

Ndinatembenukira kwa nesi ndi kumufunsa ngati ndiye wamuphunzitsa zimenezi, komanso ngati alembera a sosholo. Sanakwiye. Anati ntchito yake si kuuza mwana yemwe azimukonda, koma kuonetsetsa kuti ali moyo komanso ndi wotetezeka. Anati amupezera wokambirana naye mlungu uliwonse. Makolo ayenera kudziwa kuti mwana ali ndi nkhawa yoopsa ndipo asamasiyidwe yekha, koma nkhani ya mtima wake adzainena mwiniwake akadzafuna. Anati anamufunsa ngati alipo wamkulu mmodzi pabanja amene angamudalire, ndipo anatchula ine. Ine, wotumidwa ukazitape.

Tili m'basi yobwerera ku Highfields, foni inalira. Anali mlamu wanga. Maso a mwana anali pakamwa panga. Chichewa sayankhula, koma amamva chilichonse.

"Alamu, mwapeza chiyani?"

"Si mimba. Ndi nkhawa, ndipo yakula. Mankhwala onse m'nyumba mubise, asamakhale yekha. Ku kiliniki ndizibwera naye ine."

"Nkhawa ya chiyani, mwana wodya bwino, wogona pabwino? Inu simunafunse?"

"Ndafunsa. Zimene ndakuuzanizi ndi zimene muyenera kudziwa lero."

Ndinadziwa kuti kuyambira tsiku limenelo wokayikiridwa ndine. Sindinalakwe. Mpaka pano mlamu wanga ndikalowa m'nyumba mwake amandiyang'ana ngati ndabisa kanthu m'chikwama.

Titatsika, ndinamugulira samusa pa shopu ya pakona. Anangoigwira osadya. Kenako anandifunsa m'Chichewa chake chopindika, chimene ndinali ndisanachimve chichokereni ali wamng'ono.

"Azakhali, mudzanena liti?"

Ndinamuuza kuti sindidzanena, nkhaniyo ndi yake. Sanandikhulupirire, ndinaona m'maso mwake. Mwambo wathu ankaudziwa. Anandiyang'anitsitsa njira yonse mpaka pakhomo pawo, ndipo bambo ake atatsegula chitseko n'kundifunsa kuti zayenda bwanji, ndinayankha kuti za ku Dedza aiwale, mwana ali ndi madokotala ake kuno. Ndili mkati movula nsapato, ndinamva mwana uja kumbuyo kwanga akuluma samusa ija.