Chaka Chimene Mbuzi Zidali Malebo

"Wati chiyani mzunguyo?"

Funso la amayi limeneli linkandidzutsa m'mawa uliwonse chaka chimene achimwene adapita ku Kongo. Achimwene adali msilikali, ndipo adawatumiza pamodzi ndi anzawo kukasungitsa mtendere. Amayi atamva zimenezi adafunsa kuti, "Mtendere wake wotani wosunga ndi mfuti?"

Kwathu ndi kufupi ndi Tsangano, ndipo nkhondo amayi ankaidziwa kale. Ya ku Mozambiki ija adaimva ndi makutu awo, othawa nkhondo adagonapo m'khitchini mwathu ine ndili wakhanda. Koma imeneyo inkabwera m'Chichewa: munthu afika ali wefuwefu, akuti atentha mudzi wakutiwakuti, aliyense wamva. Ya achimweneyi inkabwera m'Chingerezi, kudzera m'wailesi yakale imene malemu abambo adabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Nkhani za m'Chichewa sizinkanena kwenikweni za ku Kongo, choncho amayi ankapotokola mpaka apeze azungu akunja, mawu awo akubwera ndi kupita ngati mphepo ya mu Juni.

Ine ndidali nditamaliza Folomu 4, ntchito osaipeza, mtima uli ku tawuni, miyendo ili m'munda wa kachewere. Ndinkapsa mtima ndi chilichonse. Ndiye pa ntchito zonse za pakhomo padaonjezekera ya utanthauziri, yopanda malipiro.

Poyamba ndinkasefa. Mzungu akalankhula, ine ndinkangoti, "Akuti kuli bata." Koma amayi si munthu womupusitsa kawiri.

"Iwe, mzungu walankhula mpaka phala lapsa, iwe mawu atatu okha? Ndiuze limodzilimodzi. Liwu amalibwerezabwereza lija ndi chiyani?"

"Malebo."

"Ndani amenewo?"

"Zigawenga, amayi. Anthu oukira boma, okhala m'tchire."

Umu ndi mmene sukulu yathu idayambira. Ndidawauza kuti patilolo ndi kuyendera dera kuona ngati kuli adani, kuti kusalenda ndi kukweza manja kuvomera kuti wagonja, kuti sizifaya ndi pangano loti onse aleke kuwomberana. Liwu la ambushi ndidalizemba kwa nthawi yaitali, koma adandipanikiza, ndipo ndidati ndi kubisalira anthu panjira kuti uwadzidzimutse. Adangoti, "Ooh," nkumapitiriza kupeta.

Sindikudziwa tsiku limene mawuwa adatuluka m'nyumba nkulowa m'munda. Ndidangomva m'mawa wina amayi akumanga mpango nkumati, "Ndikupita ku patilolo," kutanthauza kukaona ngati kachewere wadyedwa. Mbuzi za anzathu oyandikana nawo, zija zosamva mwala, zidasanduka malebo. Amayi ankabisala kuseri kwa nkhokwe ndi chibulumwa m'manja, mbuzi zikafika iwo nkuvumbuluka akukuwa, "Ambushi!" Ogula kachewere akabwera ndi malole awo ndi mitengo yawo yonyoza, amayi ankagwira m'chiuno: "Ine sindisalenda, bambo. Pitani kutsogolo." Atakangana ndi mayi wina wa kumpingo pa nkhani ya malire a dimba, adayanjana, nkubwera kudzandiuza kuti achita sizifaya mpaka atakolola.

Mudzi wonse udatengera. Amayi adapatsidwa dzina loti Akomanda, ndipo ankaliyankha. Ine zinkandinyansa. Ndinkachita manyazi, komanso ndinkaopa, chifukwa munthu yemweyo woseketsa anthu masana ndinkamuona akuyang'ana foni ngati mphika wosawira. Pano ndimaganiza kuti amayi ankawamanga chingwe mawu aja. Liwu limene ukuthamangitsira mbuzi silingakuphere mwana.

Achimwene ankaimba foni mwa apo ndi apo. Kuti tiwamve tinkakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi, chifukwa pakhomo foni inkangokoka netiweki ya ku Mozambiki. Nkhani zawo zidali za mvula ya kumeneko, nthochi zazikulu, ndi kufunsa ngati tagula feteleza. Za mfuti ayi.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina wa nkhungu, amayi akusankha mbewu ya kachewere pakhonde, mzungu uja adatchula Kongo, adatchula osungitsa mtendere, kenako liwu lija la ambushi. Adatchulanso dziko lathu. Ndidadikira funso la masiku onse, koma silidabwere. Amayi adali atamva okha. Adapitiriza kusankha mbewu, koma ndidaona kuti yowola ndi yabwino akuziponya m'dengu limodzi.

Masiku otsatirawo sindidakhale pansi. Ndinkakwera phiri, kutsika, kukweranso. Foni ya achimwene sinkapezeka. Ndikafika kumunda ndinkafuna kunyumba, ndikafika kunyumba ndinkafuna kuphiri. Amayi ankasesa bwalo losesedwa kale. Mbuzi zidalowa m'munda nkudya mmene zingathere, popanda wozikuwira. Kenako mnzawo wa achimwene wa kuntchito adaimba: achimwene ali moyo, avulala paphewa, ali m'chipatala. Ena mwa amene adali nawo m'galimoto sadapulumuke. Amayi adalira, adaimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo mawa lake Akomanda adabwerera pa patilolo, mawu ali okwera kuposa kale.

Achimwene adabwera kutchuthi nthawi yokumba kachewere. Adali ataonda, koma ankayenda okha, ankaseka pang'ono, ndipo tonse tidati basi, munthu wabwera. Zina ndinkaziona koma osazilabadira. Sankakhala chofulatira khomo. Akakhala pampando sipatenga nthawi, aimirira, azungulira nyumba, akhalanso. Ndinkati mwina atengera ine.

Tsiku lina tidali tonse m'munda, ndi amayi ena amene adabwera kudzatithandiza. Achimwene ankatola kachewere ndi dzanja limodzi pafupi ndi ine. Mbuzi zija zidatulukira kumusi kwa munda. Amayi, pofuna kuti mwana wawo aone Chingerezi chimene aphunzira, adanyamuka ndi chibulumwa nkukuwa ndi mphamvu zawo zonse:

"Malebo! Ambushi! Ambushi!"

Sindidadziwe kuti ndagwa bwanji. Ndidangopezeka ndili chafufumimba mumzere, dothi m'kamwa, dzanja la achimwene litandikanikiza pakhosi. Ankapuma ngati munthu wothamanga mtunda. Amayi ena aja adaseka, poganiza kuti msilikali akuchita nawo masewera. Kuseka kudatha atawaona nkhope. Achimwene adadzuka, adasasa dothi m'maondo, nkuyamba kuyenda kulowera kumsewu osayang'ana munthu.

Ndidawalondola. Ndidawapeza atakhala pamwala m'mbali mwa msewu, maso ali kutsidya.

"Unawaphunzitsa ndiwe?"

"Eya, achimwene."

"Unawauza kuti ndi chiyani?"

"Kubisalira anthu panjira."

Adagwedeza mutu. "Sunaname. M'buku ndi choncho." Kenako adati, "Tinali m'galimoto. Mnzanga amandiuza za mwana wake wamkazi, kuti wayamba kuyenda. Anati, 'Ndiye dzulo mayi ake akuti wakwera pa...' Basi. Pomwepo. Mpaka lero sindikudziwa kuti mwanayo anakwera pa chiyani. Ambushi ndi imeneyo, mlongo wanga."

Ndidamva chisoni, ndidakwiyanso, osadziwa kuti ndikukwiyira ndani: amayi, wailesi, kapena mbuzi.

Titabwerera tidapeza amayi atatenga wailesi ija nkuitsekera m'bokosi la abambo la ku Joni. Sadapepese ndi pakamwa. Adapha nkhuku, nkuwaikira achimwene chiwalo chimene ankachikonda ali mwana. Wina atawapatsa moni kuti Akomanda, adayankha kuti, "Pano palibe munthu wa dzina limenelo." Mbuzi zitabweranso ndidawaona ataima ndi chibulumwa, kukamwa kuli yasa, liwu osatuluka. Adaziponyera mwakachetechete, nkuphonya.

Ine ndinkayembekeza kuti achimwene asiya usilikali. Amayinso, ngakhale sankanena. Koma phewa litapola adalongedza chikwama. Adati ntchito ndi ntchito, ndipo akawatumanso komweko apita. Tidawaperekeza kukakwera galimoto pa Tsangano, amayi atawasenzera kathumba ka kachewere ngati kuti ku kampu kulibe chakudya. Achimwene adakhala pampando wa pafupi ndi chitseko.

Pobwerera tidayenda mtunda wautali. Tili pafupi ndi tchalitchi, amayi adandigwira mkono.

"Iwe, liwu lija loti onse aleke kuwomberana, paja timati chiyani?"

"Sizifaya, amayi."

"Sizifaya." Adalibwereza motsitsa, ngati akuyesa ngati likadali bwino. "Mawu ena onse aja uwatenge. Limeneli lokha undisiyire, ndizilinena popemphera."

"Mulungu amamva Chichewa, amayi."

"Amamva, mwanawe, sindikukana. Koma nkhondo imene mwana wanga akupitayo ndi ya Chingerezi."