Telala wa Nyenyezi

Rasmane Nikiema ndi ine tinaphunzira utelala kwa bwana mmodzi, ndipo msika wonse ukudziwa kuti wa dzanja ndinali ine, Tasere. Ndikapeta khosi la mkanjo anthu ankaima pamsewu. Rasmane akasoka thalauza, mwendo wina unkatsogola. Tinkagawana khonde limodzi pafupi ndi ogulitsa anyezi, iye n'kumangokhalira zigamba ndi mazipi.

Nyengo ya chisankho ndiyo inali kholola langa. Chipani chilichonse chinkabweretsa nsalu yokhala ndi nkhope ya munthu wake, ndipo pamafunika luso kuti nkhopeyo ikhale pachifuwa, osati pokhalira. Rasmane anayesapo kamodzi, mayi wina n'kukhalira mphuno ya mtsogoleri wake pamsonkhano. Rasmane tinamuseka chaka chathunthu.

Kenaka m'mawa wina wailesi inayamba kuimba nyimbo za perete. Asilikali analanda boma, n'kulonjeza chisankho pakatha zaka ziwiri. Masana ake kunabwera msilikali wina atagwira kanyenyezi m'manja, akufuna womusokera paphewa. Anayambira kwa ine. Ndinamuuza kuti ine ndine telala, sindisoka mabatani. Rasmane anamupatsa mpando, n'kumuthirira tiyi m'kagalasi.

Sindinadziwe kuti asilikali akakhala pampando amakwezana maudindo ngati udzu wa m'dzinja. Mwezi uno kaputeni, mwezi wamawa nyenyezi ina, ndipo mimba nayo ikukula, yunifolomu ikufuna kumasula. Onse ankapita kwa Rasmane. Anagula njinga yamoto, kenaka makina anayi amagetsi, n'kusamukira m'sitolo ya magalasi moyang'anana ndi khonde langa. Ndinkamuona tsiku lililonse. Nsanje inkandidya, sindibisa.

"Akulu, bwerani mudzapondeko amagetsiwa," ankandiitana. "Mwendowo mudzausowa ku ukalamba."

"Iwe soka mabatani ako. Tsiku lovota likubwera, tidzaona telala ndani."

Zaka ziwiri zija zinasanduka zisanu. Mkazi wanga Azeta anatopa nane.

"Bambo a Fati, mnzanu akudyetsa ana nyama, inu mukutidyetsa chisankho?"

Ndinkamuyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chaka chino analengeza tsiku lovota. Ndinathira mafuta makina anga, ndinanola sizasi, ndinagulira ogulitsa anyezi tiyi. Ndinadutsa dala pa sitolo ya Rasmane n'kumufunsa ngati nyenyezi zotsala adzazikazinga.

Patangotha sabata, mkulu wa asilikali woyang'anira chigawo chathu anavula yunifolomu n'kunena kuti aimira nawo pa chisankho monga munthu wamba. Anzake onse anachita chimodzimodzi. Aliyense ankafuna mkanjo woyera, ndipo nsalu za chipani chawo chatsopano zinabwera pa lole. Loleyo inaima kwa Rasmane. Angapitenso kwa yani? Munthuyo amadziwa phewa ndi mimba ya aliyense popanda tepi. Zipani zakale zinalibe nsalu, atsogoleri ake ena ali kunja, ena anangoti zii.

Lachisanu titachoka ku mzikiti, Rasmane anawoloka msewu, n'kukhala pa benchi langa mwaulemu.

"Akulu, khosi la mkanjo landikanika. Inu mukudziwa dzanja langa. Tithandizane."

Ndinkafuna andinyoze kuti ndipeze pokanira, koma sanatero. Ndinayang'ana makina anga opanda nsalu. Lolemba ndinapita ku sitolo yake.

Pamsonkhano woyamba, bwana wa asilikali uja anaima pa nsanja atavala khosi lomwe ndinalipeta masiku anayi ndi ulusi wagolide. Mayi wina pambali panga anati, "Koma Rasmane ndiye telala, abale."

Dzulo bwanayo anatumiza thumba lalikulu ku sitolo. Munali mayunifolomu ake onse.

"Tiwadule zigamba?" ndinafunsa.

Rasmane anatsitsa mawu. "Ayi, akulu. Akuti tiwamasule pang'ono m'chiuno, tiwasite, tiwapachike pafupi. Akuti mavoti sadziwika."

Ntchitoyo anandipatsa ine, poti iye anali ndi alendo.